Nsomba Yachikasu ya Alamu Anga a Fanizo

Mukadzafika kwa Lundu mudzafunse za munthu amene anabadwira m'bwato koma nsomba sadya. Aliyense adzakulozerani alamu anga a Fanizo. Kale ankawadziwanso ndi tsitsi. Linapotana mpaka kufika m'mapewa ngati ukonde woiwalika padooko, ndipo ana a sukulu ankawatcha Rasta, munthu woti ngakhale fodya wa chingambwe sanamulawepo.

Ine ndine Yobu, ndimapalasa kabaza pa Nchalo. A Fanizo anakwatira mlongo wanga Otilia, choncho ufulu wowanyoza ndinaulandira pa ukwati, ndipo sindinaulole kuti uchite dzimbiri. Tsiku limene anabwera kwathu ku Chiromo kudzaonekera, ananyamula mlamba wotalika kuwaposa iwo eni. Amalume anayang'ana mlambawo, anayang'ana munthu, n'kunena kuti, "Takulandirani nonse awiri, koma tilankhula ndi wandevuyu, akuoneka kuti ndiye wamkulu." A Fanizo sanaseke. Anaseka ndi Otilia kuseri kwa nkhokwe mpaka kutsamwa. Ukwati wawo unayenda choncho mpaka mapeto: mwamuna duu, mkazi kusekera anthu awiri.

Dambo la Elephant Marsh ankalidziwa kuposa njira ya kutchalitchi. Ankadziwa kumene nsomba za makakana zimaswera, kumene mvuu ya mwana imagona, ndi tinjira ta m'bango tomwe ena akalowa amatuluka mawa lake akulira. Chaka ndi chaka iwo ndi Otilia ankakakhala pa kachilumba m'kati mwa dambomo, mwamuna kuponya ukonde, mkazi kulima dimba ndi kuwamba nsomba.

Madzi osefukira a mu 2015 anawapeza komweko. Anzawo anali atayamba kale kusamuka, koma Otilia anati mbatata yake sangaisiyire mvuu. Tsiku lina kutacha anapeza msasa uli m'madzi ofika m'mawondo, ndipo pamene ankamaliza kulonga mwadiya, bwato lawo lija, madzi anali m'chiuno. Anakwera awiriwo ndi nkhalamba ina imene inalibe woitenga. Sanapite patali. Mwadiya unagunda thunthu la mgwalangwa lobisala pansi pa madzi n'kugubuduka. A Fanizo anagwira chimene dzanja linapeza, ndipo linapeza nkhalamba. Ataikweza mumtengo n'kucheuka, pamadzi panali duku la Otilia lokha, lachikasu, likuzungulirazungulira. Analidumphira. Ngakhale dukulo sanaligwire.

Tinafunafuna mpaka madzi anaphwa. Tinafika ku Chiromo, pansi pa mlatho wa njanji pamene pamakodwa zinthu. Tinapezapo mbuzi, zitseko, ndi anthu a eni ake, koma mlongo wanga ayi. Pamapeto pake akuluakulu anachita monga timachitira mtembo ukasowa. Tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda ndi nyimbo zonse. A Fanizo anakhala nawo mpaka dothi lomaliza. Koma litafika tsiku lometa, loti tsitsi ligwe, maliro athe, ife akuchikazi tiwamasule akayambe moyo wina, anagwira dzanja la wometa.

"Nkhabe," anatero. Akakwiya amalowa m'Chisena. "Mwaika nthochi, kameteni nthochiyo."

Amalume anayesa, akuluampingo anayesa. Ine ndinayesa njira yanga. Ndinati, "Alamu, nsabwe za m'mutu mwanumo zasankha kale nyakwawa, zikungodikira boma lidzavomereze." Anangondiyang'ana ngati ndikulankhulira kutsidya kwa mtsinje.

Nsomba anasiyira pomwepo. Chaka chimenecho ambiri tinasiya, poti tonse tinkadziwa chimene milamba inanenepa nacho. Koma njala ilibe manyazi, enafe tinabwerera mmodzimmodzi. Iwo ayi. Ukonde anaupereka kwa ena, ndipo kumtsinje sanapondekonso. Ndikawakweza pa kabaza n'kudutsa poonekera Shire, ankatembenuzira nkhope kumapiri.

Ntchito ya kwa a Hussein ndinawapezera ndine. A Hussein anali makanika wamkulu ku fakitale ya shuga, koma unyamata wawo anaudyera ku Beira, kukonza mainjini a sitima za pamadzi. Atapuma pantchito anamanga nyumba kwa Lundu konkuno, ndipo pabalaza, pamene anthu anzeru amaika wayilesi ya kanema, iwo anaikapo thanki yagalasi yaitali ngati bokosi la maliro a munthu wamkulu. M'katimo munali madzi a mchere, mchenga woyera, miyala ina yochita nthambi imene ankati ndi yamoyo, ndi tinsomba ta kunyanja yamchere tamawangamawanga ngati zitenje za pamsika. Mukanati muphike tonse, sitikanakwana ndiwo za mwana wodwala.

Ankafuna munthu wosesa pabwalo ndi kusamala thankiyo. Ndinati, "Bwana, ndili naye msodzi amene sangakubereni nsomba ngakhale mutamukazingira nokha."

Tsiku loyamba a Fanizo anaima pakhomo, osafuna kulowa.

"Zachokera kuti zimenezi?"

"Kunyanja yamchere, madala, kupitirira Beira," anatero a Hussein.

"Madzi a Shire amafikako?"

A Hussein anali atamva kale nkhani yonse kwa ine. Anati, "Safikako. N'kutali kwambiri."

Apo m'pamene anavula nsapato n'kulowa.

Ntchitoyo anaigwira ngati anabadwa nayo. Kupukuta galasi, kuwaza chakudya chonga gaga, kuonetsetsa kuti pampu ya sola ikulira, ndi kuyeza mchere ndi kagalasi kena koyandama. Madzi akaphwera ndi kutentha ankawonjezera ena opanda mchere, chifukwa madzi amauluka koma mchere umatsala. Madzi opanda mcherewo a Hussein ankakatenga kumtunda ndi galimoto yawo, m'migolo. Mijigo yathu kuno mukuidziwa: ukachapira sopo sachita thovu, ukaphikira nyemba zimapsa mawa, ndipo mlendo akamwa amafunsa ngati mwamulakwira.

Mwa nsomba zonsezo inalipo imodzi yachikasu, yopyapyala ngati tsamba, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, kamlomo kosongoka ngati kali ndi miseche yoti kanene. Zinazo munthu akayandikira zinkabisala m'miyala. Iyo inkabwera pagalasi n'kumatsata chala cha a Fanizo kulikonse kumene chapita. Masana ndikadutsa kudzapempha madzi akumwa a m'migolo ya bwana, ndinkawapeza atakhala pansi, tsache lili pamiyendo, akuyang'anizana nayo.

Tsiku lina ndinati, "Alamu, mwakwatira osatiuza? Mukanayamba mwatsanzika kwathu. Komanso mkazi wake uyu, kuphika ayi, kusinja ayi, madzi akugona momwemo koma kutunga ayi."

Maso ali pa nsombayo anati, "Bwana anandinamiza tsiku lija. Shire amathira mu Zambezi. Nanga Zambezi amathira kuti?"

Ine sukulu ndinaithawa Zambezi asanafike kunyanja, koma yankho ndinkalidziwa. Ndinayang'ananso chikasu cha nsombayo, chofanana ndi cha duku lija, ndipo tsiku limenelo madzi ndinawasiya m'kapu.

Mavuto anabwera mu Okutobala, mwezi umene ngakhale abuluzi amayenda chonyang'ama kuopa kupsa mapazi. Mnzawo wa a Hussein anabweretsa nsomba yatsopano kuchokera ku Mozambique, ndipo mwa chisangalalo anangoithira m'thanki tsiku lomwelo. Sabata lisanathe a Hussein anagwa ndi mtima pakhonde. Mwana wawo Hadija anabwera n'kuwatengera ku chipatala ku Blantyre, pa galimoto yomwe ija yotunga madzi.

Yoyamba kudwala inali yachilendo ija. Inatuluka timadontho toyera thupi lonse, ngati munthu waiwaza shuga. Inkadzikhula pamiyala ngati mbuzi ya mphere, n'kumapuma mofulumira. Kenako timadontho tija tinaoneka pa ina, ndi ina. A Fanizo anaimba foni ya bwana, yozimitsa. Ya Hadija inkangolira. Migolo nayo inali ikutsika, dzuwa likumwa madzi a m'thanki ngati nalo lalembedwa ntchito.

Nkhaniyi tinaikambirana pansi pa mtengo wa nimu, kunja kwa mpanda. Panali a Francisco, amene ali ndi mwadiya komanso damu la makakana kuseri kwa nyumba yawo, ndiye pa nkhani ya matenda a nsomba ndi dokotala wathu.

"Mchere," anatero a Francisco, asanaone n'komwe wodwalayo. "Zanga zitachita zilonda alangizi anati thirani mchere. Ndinathira, zinachira."

"Koma muli kale mchere," anatero a Fanizo. "Bwana amachita kuyeza."

"Kuyezako ndi kwa nsomba zabwinobwino. Wodwala amamwa mankhwala opyola muyezo. Inu chilonda mumatsuka ndi chiyani? Nsomba kuti isaole mumaipaka chiyani? Mwakhala msodzi chabe inu?"

Panalibe wotsutsa. Kuno mchere timaukhulupirira kuposa jakisoni. Thumba la mchere wa bwana linali m'stolo yokhoma, choncho ndinapalasa kupita kwa mayi Loyce, amene amaphika mchere wa m'dothi, wofiirira uja woluma mpaka m'makutu. A Fanizo anausungunula m'ndowa, kuusefa ndi kansalu, n'kuthira pang'onopang'ono ndi manja awiri ngati akupereka nsembe. Kagalasi koyeza kaja kanakwera pamwamba mpaka kupendekeka. Anakachotsa n'kukaika m'kabati kuti kasawasokoneze.

M'mawa mwake nsomba yachilendo inali itafa. A Francisco anati imeneyo inali yopita kale, wonjezerani. Anawonjezera. Miyala yamoyo ija inayamba kuyera ngati mafupa. Kenako kunkangocha ndi maliro, lero iyi, mawa ziwiri. A Fanizo sankazitaya kudzala. Ankazikulunga m'masamba n'kukazikwirira pansi pa nimu uja, iliyonse kadzenje kake.

Ndinawapeza akufotsera ndipo ndinati, "Alamu, maliro anuwa ndi aumbombo. Anthu tibwere kudzakhuza, ndiwo mwakwirira."

"Koma awa ali ndi mtembo," anatero, osadzutsa mutu.

Inatsala yachikasu yokha. Timadontho tinali mpaka m'maso. Sinkabweranso pagalasi. Inkaima pakona, pafupi ndi pampu, zipsepse zitafota, kamlomo kakutseguka ndi kutseka ngati munthu amene akuitana koma mawu satuluka. A Fanizo anasiya kudya. Ankangoika chala pagalasi n'kumadikira.

Tsiku lina masana foni inalira. Anali Hadija, akuti bambo atsitsimuka ndipo chinthu choyamba kufunsa si mkazi, si nyumba, koma nsomba. A Fanizo anatsegula mawu kuti nane ndizimva, n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu.

"Mchere?" anatero a Hussein, mawu ali ochepa ngati a mwana. "Mwathira mchere?"

Kenako anapitiriza.

"A Fanizo, imeneyo ndi nzeru ya m'damu. Timadonthoto ndi tizilombo. Ta nsomba za mumtsinje timaopa mchere, n'zoona. Koma iti tinabadwira mumchere. Tizilomboto mwatiphikira phwando, nsomba zokha n'zimene mwaziwotcha. Chimene timaopa ndi madzi opanda mchere."

A Fanizo anakhala pansi pomwe anaimapo.

"Yatsala iti?" anafunsa a Hussein.

"Yachikasu, bwana."

"Mvetserani. Pezani madzi opanda mchere, oyera bwino, muwiritse, azizire. Muiviikemo kuti mopumira mwake mutseguke. Idzagona chammbali ngati yafa, musachite mantha n'kuichotsa msanga. Muimbe nyimbo imodzi ya kutchalitchi kwanu, ikatha ndiye muivuule. Kiyi wa stolo ali pamwamba pa chitseko. Mukonze madzi atsopano m'beseni lalikulu ndi mchere wanga, muikemo kapampu kakang'ono kaja, ndipo tsiku lililonse muzichepetsa mchere mpaka kagalasi katsike kufika pa mzere wofiira. M'thanki isabwererenso."

"Migolo yauma, bwana."

"A pamjigo ayi. A pampopi wa ku esiteti ali ndi mankhwala, ayi. Pezani, madala. Mukachedwa siifika mawa."

Kuno madzi opanda mchere, mu Okutobala, ali malo amodzi okha. Tonse tinkadziwa, koma palibe anatchula. Ndinamangirira zigubu pa kabaza n'kupita ndekha padooko. Nditabwerako a Fanizo anatsegula chigubu, kununkhiza, n'kukhuthulira pansi.

"Sopo, ndowe za ng'ombe ndi matewera. Mukufuna muimalize?"

"Ndiye titume a Francisco alowe m'kati ndi mwadiya."

"Francisco akatunga poyamba pomwe pawale, n'kubwera akulumbira kuti anafika." Anayang'ana m'thanki nthawi yaitali. "Madzi oyera ali pamene amatuluka pansi pa gumbwa, atasefedwa ndi mizu. Ndi pamene mlongo wanu ankatunga akumwa."

Anatenga chipewa, n'kuchisiya poti sichinkalowanso m'mutu, n'kukwera kumbuyo kwa njinga. Ulendo uno nkhope sanaitembenuzire kumapiri.

A Francisco anatibwereka mwadiya mosafunsa kanthu. Ine pamtunda ndimapalasa ngakhale munthu wonyamula nkhumba, koma pamadzi ndine katundu. Ndinakhala pakati pa zigubu n'kugwira m'mbali ndi manja onse. A Fanizo anaima m'mphepete, madzi akunyambita zala za kumapazi. Anaima mpaka ndinayamba kufuna nthabwala yoti ndiwakankhe nayo, koma sindinaipeze. Kenako analowa, nkhafi inagwa m'madzi, ndipo mwadiya unawazindikira.

Dambo la masana si la m'mawa. Mbalame zonse zinali zitabisala. Kunalibe mphepo, kunalibe chule, kunkangomveka nkhafi ndi namasupuni akukhula m'mbali mwa mwadiya. Tinalowa m'kanjira ka m'bango kopapatiza, bango likutseka kumbuyo kwathu. Ndinayesa kulankhula.

"Alamu, ng'ona ikabwera muiuze kuti ine ndi mafupa okhaokha, akabaza sitinona."

Mawu anga anapita n'kubwerera okha, ngati alowa m'nyumba yopanda anthu. Sindinayesenso.

Kachilumba kaja kulibenso. Madzi anakadya, panatsala maluwa a nyika oyandama pamadzi basi. Koma thunthu la mgwalangwa lilipo, lakuda, litatulutsa mutu pamwamba pa madzi. A Fanizo analilambalala pafupi kwambiri moti akanatha kuligwira. Kuseri kwake kunali khoma la gumbwa, ndipo pansi pake madzi ankatuluka oyera mbee, mchenga ukuoneka pansi. Ankayenda pang'onopang'ono kulowera kumwera.

Anayamba kumiza zigubu. Chigubu chikamamwa madzi chimalira ngati munthu amene akumira, ndipo ine ndinali ndisanazindikirepo zimenezi mpaka tsiku limenelo. Ndinayang'ana kumbali kuti ndisamve. M'pamene ndinachiona. M'bango, patali ngati kuchoka pakhomo kufika pankhokwe, panali kanthu kachikasu pamadzi, kakuzungulira pang'onopang'ono.

Ndinafuna kukhala chete, koma a Fanizo anali atasiya kutunga.

"Mwachiona?" ndinafunsa.

"Ndachiona."

"Ndi chigubu chong'ambika. Za mafuta ophikira zija."

"Eya. Chigubu."

Nkhafi inali pamiyendo pawo. Kupalasa pang'ono chabe tikanafika. Ndinaona dzanja lawo likuigwira, mitsempha itatuluka. Kenako anayang'ana dzuwa, lomwe linali litayamba kupendeka, anayang'ana zigubu zodzadza, n'kutembenuza mwadiya kuloza kumtunda.

"Ikutidikira," anatero.

Sindinafunse kuti akunena iti.

Tinawiritsa madziwo m'miphika yonse ya m'nyumba ya bwana, n'kuwaziziritsa m'mabeseni pamthunzi. Pamene ankafika pofanana ndi a m'thanki, dzuwa linali pamwamba pa mapiri a kumadzulo. Yachikasu inali itatsamira mwala. A Fanizo anaitola ndi manja, sinathawe n'komwe. Anagwada pa beseni la madzi a kudambo aja, manja ali m'mwamba, nsomba ili m'kati, osatsitsa.

"Imbani, alamu," anatero.

Tsono nyimbo ya kutchalitchi imene ndimaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira ndi imodzi yokha, ya pamaliro, chifukwa Lamulungu ndimakhala pantchito koma kumaliro sindijomba. Ndi yomwe ija tinaimbira thunthu la nthochi. Ndinafufuza ina m'mutu, munalibe. Ndinayamba.

Nsomba ija anaimiza m'madzi. Inaphiriphitha kamodzi, kawiri, kenako inagona chammbali pansi pa beseni, diso limodzi likuyang'ana kumwamba. Chikasu chija chinazilala. Manja a a Fanizo anali m'madzi momwemo, atazungulira nsombayo osaikhudza.

"Yafa."

Ndinapukusa mutu ndikuimbabe.

"Ikumira, Yobu. Ndikuiona ikumira."

Chikwatirireni mlongo wanga anali asananditchulepo dzina. Ndinadula nyimbo n'kunena kuti, "Bwana anati mpaka ithe. Latsala vesi limodzi."

"Ndiye thamangani nayo!"

"Ya maliro sathamanga nayo, alamu."

Ndinaimba vesi lomaliza monga liimbidwira, mokoka, mawu anga oipawa akugunda malata. Chapakati ndinamva mawu ena pansi pa anga. Anali a Fanizo, akuimba mano ali okukuta, maso ali pa nsomba. Pamanda paja sanaimbe nawo.

Itatha anaivuula n'kuiika m'beseni lalikulu la madzi atsopano. Inatsika mpaka pansi ngati tsamba, n'kugona. Kapampu kankatulutsa thovu. Kunja mbuzi inalira. Kenako mchira unagwedezeka, nsomba inadzuka chopendekeka ngati woledzera uchema, inagunda m'mbali mwa beseni, n'kuima chilili.

A Fanizo anapukuta manja pa malaya. "Takhuta," anatero. Sindikudziwa ngati ankathokoza ine.

Kudambo anabwererako kambirimbiri pambuyo pake, chifukwa madzi a m'beseni ankafunika kusintha. Ankapita okha. Ine ndinkawadikira padooko ndi njinga, ndipo sindinafunsepo chimene aona. Timadontho tinayamba kuchepa, tinabwereranso pang'ono, kenako tinatheratu. Tsiku lina ndinawapeza atagwada, chala chili pamwamba pa madzi, yachikasu ikuchitsata kuzungulira beseni.

A Hussein anabwerako ataonda, akuyenda ndi ndodo. Anaima pa thanki yawo, miyala ili mbuu, nsomba mulibe. Sanakalipe. Anangofunsa kumene zinaikidwa, ndipo anapita pansi pa nimu n'kuimapo pang'ono. Atabwerera m'nyumba a Fanizo anafunsa ngati yachikasu ibwerere kwawo, poti yachira.

"Ayi, madala. Tisintha madzi, koma thanki ikhala yopanda nsomba miyezi iwiri ndi kanthu. Pampu izilira, nyale iziyaka, galasi muzipukuta, koma musaikemo kanthu."

"Chifukwa?"

"Tizilombo tija sitinathe. Tikakhuta timagwa pa nsomba n'kukabisala mumchenga. Tili momwemo panopa, tikudikira kuti nsomba ibwerere. Ikabwerera msanga tiyambiranso. Koma tikadikira, n'kudikira, osabwera kanthu, timafa tokha."

"Timafa ndi kudikira," anatero a Fanizo.

"Basi. Mankhwala ake ndi amenewo."

Miyezi imeneyo sindinkakonda kulowa pabalaza paja. Thanki yowala, madzi akuyenda, mchenga woyera, munthu watsitsi lofika m'mapewa akupukuta galasi la nyumba yopanda mwini. Nthawi zina ankaiwala n'kuwazamo chakudya, n'kumachiyang'ana chikutsika chokha mpaka pansi.

Mvula yoyamba itagwa anabwera kwathu m'mawa, ine ndikupopa tayala. Anakhala pa chitsa n'kutulutsa lumo latsopano, likadali m'pepala lake.

"Mukauze amalume anu ku Chiromo," anatero. "Asankhe tsiku."

Ndinali ndi nthabwala zambiri zimene ndinasungira tsiku limeneli, za nsabwe ndi nyakwawa wawo, za mutu umene udzatuluke m'menemo. Ndinangolandira lumo ndi manja awiri.

Tinawameta kuseri kwa nyumba ya amalume. Tsitsi linadzadza lichero. Mutu unatuluka waung'ono, wotuwa ngati dzira la ng'ona, ndipo nthabwala imeneyo yokha ndiye ndinainena, amalume n'kundiponyera chisononkho.

Lero yachikasu ili m'thanki yake, yanenepa, ndipo ili ndi anzake atsopano, amene aliyense amayamba wagona m'beseni milungu ingapo asanaloledwe kulowa. Lamulo limeneli a Fanizo salipinda ngakhale bwana achonderere. Mchere wa mayi Loyce unabwerera kukhitchini. A Fanizo sanakwatirenso, ndipo nsomba sadyabe. Akuti anazolowera nyemba.

Za chigubu chija sitinakambiranepo. Koma ine ndinakhala chotembenukira kumbuyo pobwerera tsiku lija, ndipo ndinachiyang'ana mpaka bango linatseka. Madzi ankapita kumwera, ife tinkapita kumpoto. Chigubu chong'ambika chimatsata madzi. Chija chinatiperekeza mpaka pa thunthu la mgwalangwa, n'kuima pomwepo.